Lipenga la Ababa ndi Kapiritsi Koyera

Ababa anga si munthu woti mungamutembenukire mumsewu. Ndi aafupi, amatewe pang'ono, ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu anazithera pansi pa mabasi, atagona chagada mugalaja ya kampani, akumasula ndi kumanga zitsulo. Koma Loweruka likakwana ankasamba mpaka girisi yense atatuluka m'zikhadabo, n'kuvala jekete yofiira ya mabatani achikasu, n'kunyamula kabokosi kakuda. M'kabokosimo munali lipenga. Ankaimba m'bandi ya antchito, anthu khumi ndi anayi, imene inkaitanidwa kumaukwati, kumaliro ndi kubwalo la mpira. Akamaimba, masaya ankafufuma ngati abisamo mazira, ndiye anzawo onse ankangowatcha a Masaya.

Ndikulemba izi ndili wokwiya, ndipo sindibisa. Anthu amandiuza kuti ndiugwire mtima. Ndaugwira chaka chathunthu, manja atopa.

Impso za ababa zinafa mwakachetechete, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene iwo ankangoti ndi kutopa. Tinadzazindikira miyendo itatupa, nsapato zitakana kulowa. Adokotala anati impso zonse ziwiri zatha ntchito, ndipo kuyambira pamenepo magazi a ababa azitsukidwa ndi makina. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, maola anayi pampando, masingano awiri onenepa pamkono wamanzere, magazi kutuluka ndi kapaipi kena, kuzungulira m'makina, kubwerera ndi kena. Achipatala amati dayalisisi. Ife kunyumba timangoti kumakina.

Matendawa sanawalande zonse tsiku limodzi. Yoyamba kupita inali ntchito, poti mkono wa masingano suloledwa kunyamula zolemera. Kenako madzi. Munthu amene ankagugudiza jagi yonse akaweruka anapatsidwa kabotolo kamodzi koti kakwane tsiku lonse, tiyi ndi msuzi momwemo. Mchere unachoka patebulo. Zipatso nazo zinaletsedwa, nthochi, malalanje, mapeyala, ngakhale tomato, akuti muli mchere wina wotchedwa potaziyamu umene impso zakufa sizitha kutulutsa, ndipo ukachuluka m'magazi umaimitsa mtima. Poyamba ababa ankaba kachidutswa ka lalanje amayi akatembenuka. Koma mwezi wachitatu bambo wina wa pampando woyandikana nawo anapita kuukwati wa mwana wake Loweruka, n'kudya nthochi ndi kumwa madzi a zipatso mmene mtima unafunira. Lolemba pampando pake panakhala munthu wina. Kuchokera tsiku limenelo amayi anasanduka msilikali. M'nyumba simunalowenso chipatso, ngakhale cha ife olimba. Masamba ndi mbatata ankaziduladula, kuziviika, kuziwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka kabichi kufika pambale atayera mbee.

Chinatsala ndi lipenga. Tsiku limene ankawawerengera zoletsedwa, ababa anamvetsera zonse, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga lipenga, adokotala?"

"Lipenga lanji, bambo?"

"Loimba. Ndili m'bandi."

Adokotala anaseka, nati palibe vuto bola asamaime padzuwa nthawi yaitali. Ababa anatuluka m'chipindamo akumwetulira ngati zina zonse zija sanazimve.

Lipenga siliimbidwa ndi mpweya wokha. Limatsamira pamilomo, milomo n'kutsamira pamano awiri akutsogolo a m'mwamba. Mano amenewo akagwedera, nyimbo imagwedera, ndipo akachoka ndiye kuti zatha. Ababa ankawasamala mano awo kuposa mmene ankatisamalira ana akefe. Botolo sankatsegula ndi mano, ulusi sankadula ndi mano, fupa sankaphwanya. Ndili mwana ndinawagunda pakamwa ndi mutu posewera, ndipo asanafunse ngati mutu wanga uli bwino anayamba athamangira pagalasi.

Tsopano ndilowe ine, mwana wawo woyamba, mayi wodziwa zonse. Ndimagwira ntchito m'sitolo yaikulu, yolongedza katundu m'mashelefu. Kutsegula katoni, kutulutsa za mkati, kuziyala mumzere, kuphwanya katoniyo, kukataya. Ndachita zimenezi zaka khumi, ndipo ndikaona zinthu zili balala m'timatumba manja amandiyabwa. Ndine amene ndinkapita pawindo la mankhwala mwezi ndi mwezi kukawatengera ababa mapiritsi. Pawindo paja mzere umafika pakhonde, ndipo wogawayo sakuyang'ana kumaso. Amaponya katumba, n'kutchula mawu awiri, n'kuponya kena.

"Aka m'mawa. Aka pakudya. Aka katatu. Aka masiku a makina okha. Wotsatira!"

Ka masiku a makina okhako kanali kapiritsi koyera, kochepa kuposa batani la malaya. Vitamini C. Anatiuza kuti poti zipatso ndi zoletsedwa, kameneka kalowa m'malo mwa lalanje, basi.

Timatumba tisanu ndi titatu m'mbale yapakabati, amayi n'kumasokoneza, ababa n'kumaiwala. Sindinapirire. Ndinagula kabokosi kapulasitiki ka tizipinda, masiku asanu ndi awiri, tsiku lililonse m'mawa, masana ndi madzulo. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkakhala patebulo n'kulongedza sabata yonse. Tsiku lotenga mankhwala ndinkakhuthulira mapiritsi m'timabotolo tanga tolemba bwino, timatumba tija n'kutaya m'bini monga ndimatayira makatoni. Kapiritsi koyera ndinakaika m'kachipinda ka m'mawa, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ndinaganiza mwanzeru zanga kuti munthu wopita kokatulutsidwa magazi apite atamwa kale chomupatsa mphamvu. Ababa ankanyadira kabokosi kaja mpaka kukaonetsa odwala anzawo.

"Mwana wanga ameneyu," ankatero. "Achipatala akanamulemba ntchito, mzere uja bwenzi utatha."

Chaka choyamba chinatha bwino. Ankachoka kumakina Lachisanu ali lende, koma Loweruka jekete yofiira inali pathupi. Chaka chachiwiri chili pakati, amayi anayamba kuona magazi pamswachi. Kenako pampango umene ababa ankapukutira pakamwa akamaimba. Nkhama zinatupa, zinada, mkamwa munayamba fungo limene munthu waukhondo ngati iwo linkawachititsa manyazi. M'miyendo munatuluka timadontho tofiira ndi mabala akuda ngati amenyedwa, pomwe sanagundike paliponse. Ankatopa ndi kukwera masitepe atatu a pakhomo.

Tinanena. Musaganize kuti sitinanene. Amayi ananena kwa anesi, anesi anati ndi mankhwala oletsa magazi kuundana amene amathira m'makina, zimachitika. Ine ndinanena kwa adokotala tsiku limene amayendera wadi. Adokotala aja ankalankhula ndi faelo, osati ndi munthu. Anayang'ana manambala a sikelo, manambala a magazi, nati, "Akuchita bwino kwambiri, potaziyamu ali pabwino, pitirizani." Akanangoti, "Tayasamulani, bambo," zikanawatengera nthawi yochepa kuposa imene anathera kufunafuna cholembera m'thumba. Sanatero. Miyezi isanu ndi iwiri ababa ankalowa m'chipinda chija katatu pasabata, kudutsa m'manja mwa anthu ophunzira, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasuzumira mkamwa mwawo.

Mkwiyo wanga unasowa kolowera, ndiye unagwera amayi. Tsiku lina ndinawapeza akutaya madzi achiwiri a masamba, n'kuwazazira.

"Amayi, mukuwapha ndi njala bambo anga! Chatsala n'chiyani m'zimene mukuphikazi? Ndi chakudya chimenechi kapena zochapa?"

"Iwe, sunamuone bambo uja wa nthochi?" anatero amayi, osatembenuka. "Bola adye zosakoma ndizimuona."

Kenako zinafika kubandi. Mtsogoleri wawo, amene onse amamutcha a Ndodo chifukwa cha kamtengo kamene amagwedeza poimbitsa, anabwera kunyumba Lachinayi lina masana atavula chipewa. Anazungulirazungulira, za mvula, za mabasi atsopano, kenako anafika pamfundo. Paukwati wa Loweruka lapitalo, mkwati akulowa muholo, lipenga la ababa linasweka mawu kawiri, anthu mpaka kutembenuka.

"A Masaya, tapumaniko kaye. Malo anu palibe angawatenge. Mukachira mudzatipeza."

Ababa anawaperekeza mpaka pamsewu, akuseka nawo. Atabwerera anaima pagalasi, n'kugwira dzino lakutsogolo ndi zala ziwiri. Ndinali kumbuyo kwawo, ndinaona ndi maso anga. Linagwedera, linzake nalonso.

M'mawa mwake sindinapite kuntchito. Ndinawatenga kwa dokotala wa mano, mayi wachikulire wa magalasi, munthu woyamba pamiyezi yonseyi kuwauza ababa kuti ayasamule. Anayang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso miyendo yawo, napukusa mutu.

"Mano enieniwa ndi abwino, alibe bowo ngakhale limodzi. Chikutha ndi chimene chimawagwira. Nkhama zotere ndinaziona m'mabuku okha. Bambowa akusowa vitamini C."

"Amamwa!" ndinatero. "Ndimawapatsa ndine!"

"Ndiye kafunseni kumene amakupatsaniko. Ndipo fulumirani, awiri akutsogolowa ali pamapeto."

Ndinatuluka mmenemo mtima ukuwira. Tipiritsi tawo tachabechabe tija! M'sitolo mwathu, shelefu yachitatu pafupi ndi sopo, ndimayala ndekha machubu a vitamini C weniweni, mapiritsi aakulu ngati chitsekero cha botolo, oponya m'kapu ya madzi n'kumachita thovu. Ndinadutsira komweko n'kutenga chubu chimodzi. Ababa anali atatsogola kumakina, poti linali Lachisanu. Ndinalowa m'wadi muja osagogoda, osasamba m'manja, osavala zokutira nsapato zimene amatikakamiza. Mipando khumi, odwala khumi, makina akulira tii, tii, onse anatembenuka.

Pa ababa panali nesi amene ndinali ndisanamuonepo, wamtali, wa imvi m'mbali, atangosamutsidwa kuchokera kuchipatala china. Ndinamenyetsa chubu chija pakatebulo.

"Zaka ziwiri mukuwapatsa bambo anga ufa woumba! Mano akuthothoka inu muli pompano! Kuyambira lero azimwa awa, ndipo wina asandiuze kanthu!"

Nesi uja sanakweze mawu. Anatenga chubucho, nachiwerenga, nachiika m'thumba la yunifolomu yake.

"Amwapo kale?"

"Ayi. Bwezani."

"Mulungu wakukondani. Limodzi la awa ndi tathu tija khumi. Inu ndi ine tikamwa, zotsala timakataya kuchimbudzi. Bambowa alibe potayira. Zotsalazo zimasanduka ngati timchenga, n'kumakhazikika m'mitsempha, m'mafupa, ngakhale mumtima. Muonjezepo mchere umene ulimo, ndi kapu yamadzi yosungunulira imene sali oyenera kumwa. Kathu kaja n'kakang'ono dala, mayi."

Anawerama n'kuwapempha ababa kuti ayasamule. Anakweza bulangete n'kuona miyendo. Nkhope yake inasintha.

"Bambo, kapiritsi koyera kaja mumamwa nthawi yanji?"

"M'mawa, sisitala, ndisananyamuke. Sindinaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Mwana wangayu amalongedza bwino kwabasi."

Anatero monyadira, akundiyang'ana.

Nesi uja anapita pakabati, nabwera ndi katumba ka wodwala wina, nandipatsa m'manja. Pansi pa dzina la mankhwala panali mawu a bolopeni, opendama, ofufutika pang'ono papulasitiki, koma owerengeka: mukachoka pamakina.

"Vitamini ameneyu amasungunuka m'madzi," anatero. "Makina sasankha. Akamatsuka zoipa amamukokolola nayenso. Mukamwa m'mawa, pofika masana wambiri wapita mupaipi yotayira iyo. N'chifukwa chake timati amwe akatsika pampando. Akanakhala kuti amapezako pang'ono m'zakudya, mwina sizikanafika apa."

Ndinayang'ana paipi imene analoza, yotuwa, yolowera pansi pakhoma. Zaka ziwiri. Timatumba toposa makumi awiri ndinatitsegula ndi manja anga, n'kutitaya m'bini osawerenga, poti katoni sawerenga. Paja akuluakulu anati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinkafuna ababa andikalipire pamaso pa anthu onsewo, anditukwane, andigende ndi kabotolo kawo ka madzi. Iwo anangotembenukira kwa nesi uja, nati:

"Mwanayu ndi wantchito, sisitala. Wangophonya nthawi."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero kuposa mbama.

Musaganize kuti poti cholakwa ndinachipeza m'manja mwanga ndiye kuti ena aja ndinawakhululukira. Ayi ndithu. Wapawindo uja akanatha kuonjezera mawu awiri pa mawu ake awiri. Anesi aja, amene ankawaona ababa akutsika pampando katatu pasabata osameza kanthu, akanatha kufunsa. Adokotala a faelo akanatha kudzutsa mutu. Ankatiopseza ndi nthochi mwezi ndi mwezi mpaka amayi kumalota potaziyamu, koma panalibe anatiuza kuti mantha akapitirira amadyanso munthu, kuti kachidutswa ka apozi kapena kabichi wosawiritsa kawiri n'zololedwa. Tonse tinagwira ntchito yathu mwakhama, aliyense atayang'ana pake, munthu n'kumasungunuka pakati pathu. Koma ndikamaliza kuwawerenga onsewo, mzere umathera pa ine, ndipo pamenepo mkwiyo ulibenso kopita.

Amayi nditawauza sananene za tsiku lija ndinawazazira kukhitchini. Ndikanakonda akananena. Anangopukuta manja pachitenje, nati, "Madzi akatayika saoleka. Tiye tione chatsala."

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kuphweka kwa mankhwala ake. Kapiritsi komweko, kakang'ono komweko, kongosintha ola. Adokotala anawonjezera pang'ono kwa masabata ochepa, akuyeza magazi, ndipo nesi wa imvi uja ankaima pambali mpaka ababa atameza, makina atangozimitsidwa. Pasanathe milungu itatu magazi pamswachi analeka. Mabala a m'miyendo anazimiririka, fungo linatha, masitepe ankakwera osapumira. Ababa ankaima pagalasi m'mawa uliwonse n'kumayesa mano aja ndi chala, tonse tili pakhomo kudikira nkhope yawo. Ena onse analimba. Awiri akutsogolo aja sanalimbe. Limodzi linayamba mafinya kumizu, ndipo dokotala wa mano anati munthu wa pamakina sangasunge chotupa mkamwa, chikhoza kulowa m'magazi. Anachotsa onse awiri tsiku limodzi, Lachiwiri, ine nditakhala pabenchi panja ndikumva zitsulo zikugwera m'mbale.

Anawapangira mano oikirira. Podyera ndi abwino, pojambulitsa ndi abwino. Tsiku limene nkhama zinapola, ababa anadzitsekera kuchipinda ndi lipenga. Ine ndi amayi tinali pabalaza, osayang'anana. Tinamva mpweya, kenako kaphokoso kosweka, kenako chinthu chikugwa pansi n'kugubuduka. Anali mano aja, atatsetsereka. Anayesa masiku anayi. Tsiku lachisanu anatuluka atanyamula kabokosi kakuda, nakaika patebulo patsogolo panga. Masiku amenewo anali atayamba kulankhula dzanja lili pakamwa.

"Kapereke kwa a Ndodo. Pali mnyamata wina walowa kumene, akuimbira lobwereka."

"Ababa, sindipita."

"Upita."

"Ndiye ndikalipireni kaye! Nenani kuti ndine ndakuchotsani mano! Chiyambire simunanene kanthu, mukufuna ndife nazo?"

Anandiyang'ana, maso ali ofiira.

"Ndikakukalipira amera?" anatero. "Nyamuka, abandi aweruka faifi."

Bandi imaphunzirira m'chipinda chakumbuyo kwa galaja, momwe muli mipando yachitsulo ndi fungo la dizilo. Nditalowa ndi kabokosi kaja onse analeka kuimba. A Ndodo anakalandira ndi manja awiri, natsegula. Lipenga linali litapukutidwa mpaka kuwala, tizitsulo todina titathiridwa mafuta. Anafufuza m'kathumba ka m'mbali, nayang'ana pansi pa nsalu, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwana wanga, kachitsulo koika pamlomo kali kuti? Popanda kameneko siliimbika."

Ndinati sindikudziwa, mwina kagwa. A Ndodo anatseka kabokosiko pang'onopang'ono, nati ndisavutike, apeza kena.

Nditafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Amayi anali pakhomo akusankha mpunga, ndipo anandikodola ndi mutu kuti ndisalowe ndi phokoso. Ndinazungulira kuseri. Ababa anali atakhala pandowa yovundikira pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, atafulatira, mano oikirira ali pabondo. Kachitsulo kaja kanali pamlomo. Masaya anafufuma monga kale, mapewa anakwera, khosi linatupa mitsempha, ndipo chimene chinatuluka ndi mpweya wokha, fuu. Anapukuta pakamwa, napuma, nayambanso.